Inshuwalansi ya M'dzina la Akazi Anga

Abale anga madalaivala, inu a maminibasi, a matakisi, ndi inu a njinga zamoto, zikomo kuti mwasiya ntchito masana ano n'kudzakhala pansi m'tchalitchi muno. Abusa atandipempha kuti ndidzalankhule nanu, ndinakana kawiri. Ndavomera chifukwa ndikudziwa kuti pakati panu pali ena amene ali ndi pepala m'galimoto lofanana ndi limene ndinali nalo ine, ndipo akudziona ngati ochenjera.

Dzina langa ndine Gideoni, kwathu ndi ku Pembamoyo. Amene munayamba kale ntchito pa msewu wa ku Chipata mukundikumbukira ndi dzina lija la Kamvuluvulu. Ndinkalikonda dzinalo. Ndinkanyamuka pa boma pano womalizira, n'kukafika ku Chipata woyamba. Chimene ambiri simunkadziwa n'chakuti pansi pa mpando wanga pankakhala kabotolo ka kachasu. Ndinkati n'kochotsera tulo.

Ngozi yoyamba ndinagwetsera minibasi ya abwana anga m'ngalande. Palibe anavulala kwenikweni, ndipo ndinanamizira ng'ombe kuti zinadumphira mumsewu. A inshuwalansi analipira, ine n'kubwerera pa chiwongolero. Yachiwiri ndinakawomba kumbuyo kwa lole ya thonje, mayi wina n'kuthyoka dzanja. Ulendo uno apolisi anandimva fungo. Khoti linandilanda laisensi kwa chaka, abwana n'kundichotsa ntchito.

Chaka chonsecho anandisunga ndi akazi anga, amake Tisunge. Iwo ndi mphunzitsi pa sukulu ya kwathu, amaphunzitsa giredi 7. Laisensi itabwerera, anatulutsa ndalama zimene ankasunga kwa zaka zambiri, tinaphatikiza ndi za mtedza, n'kugula kapikapu kakale koti ndizinyamulira anthu mbewu kupita nazo pa boma. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndisiye mowa. Ndinalumbira nditagwira Baibulo.

Kenako ndinapita ku Chipata kukadula inshuwalansi. Mukudziwa mafunso a pa fomu paja. Kodi munachitapo ngozi? Kodi laisensi yanu inalandidwapo? Pa ofesi yoyamba ndinanena zoona, ndipo anandiuza mwaulemu kuti sangandilandire. Pa yachiwiri ananditchulira mtengo woti munthu angagulire ng'ombe. Ndinatuluka nditapsa mtima. Mnzanga wina pa sitesheni ndi amene anandinong'oneza nzeru, ati bwanji osalemba dzina la mayi wa kunyumba.

Amake Tisunge anali nayo laisensi. Ndinawakakamiza kuitenga ndine kale tili ongokwatirana kumene, koma chiilandirireni anali asanayendetsepo galimoto kupitirira bwalo la mpira la pasukulu. Pa ofesi yachitatu ndinanena kuti galimoto ndi ya aphunzitsi ndipo woyendetsa ndi iwo okha. Kalaliki anandifotokozera momveka bwino kuti wina akadzayendetsa n'kuchita ngozi, iwo sadzalipira kanthu. Ndinagwedeza mutu. Kunyumba ndinawauza kuti aphunzitsi amawatsitsira mtengo, ndipo anasayina osawerenga, ali mkati mochonga makope a ana.

Miyezi itatu yoyamba ndinagwiradi ntchito ndili wowuma kukhosi. Kenako ndinayamba ndi kamodzi pa Loweruka, kenako kabotolo kaja kanabwerera pansi pa mpando. Pa lodibuloko ndinkaonetsa pepala, apolisi n'kuona chidindo, n'kundiuza kuti pitani. Ndinkaseka mumtima.

Tsikulo linali Loweruka, mvula yoyamba itangogwa. Tinapita ku Zemba ku mwambo womanga chiliza cha amalume awo a amake Tisunge. Azimayi ali kophika, ife amuna tinali kuseri kwa nkhokwe, kapu ikuzungulira. Cha m'ma thuu koloko, tikulowa m'galimoto, amake Tisunge anandiyang'ana n'kunena kuti tigone konko tinyamuke m'mawa. Ndinawakalipira pamaso pa abale awo kuti msewu uwu ndimaudziwa ngati khomo la nyumba yanga. Anangolowa.

Pali malo ena otsetsereka opita ku kamtsinje, dothi lake lofiira, loterera likanyowa. Ndinafikapo ndili pa liwiro. Kutsogolo kunali bambo pa njinga, atamanga thumba la feteleza kumbuyo. Ndinaliza hutala, ndinaponda mabuleki, galimoto n'kuyamba kuyenda chambali. Ndinamva kugunda, kenako njinga ikukhwekhwerezeka pansi pathu. Titaima, feteleza anali mbwee msewu wonse, ndipo munthu uja anali gone m'mbali mwa ngalande, mwendo utapindikira kumene mwendo supindikira.

Apa ndiye mumve bwino, abale anga. Sindinathamangire kwa munthuyo. Ndinayang'ana kutsogolo, ndinayang'ana kumbuyo, ndinaona kuti mumsewu mulibe aliyense. Ndinagwira akazi anga pamkono.

"Amake Tisunge, mumayendetsa ndinu. Mwamva? Pepala lili m'dzina lanu. Akadziwa kuti ndine, inshuwalansi silipira, ndipo ine ndikafera kundende. Inu ndinu mayi, ndinu mphunzitsi, akumverani chisoni."

Anandiyang'ana ngati munthu amene sakumudziwa. Anachotsa dzanja langa, n'kutsika, n'kuthamangira kwa wovulalayo. Anamasula chitenje chawo n'kumanga mwendowo pamwamba pa bondo, magazi akuwathira m'manja.

Anthu anayamba kutuluka m'minda, makasu ali m'manja. Wovulalayo anali a Zuze, bambo wa m'mudzi wapafupi, mmodzi mwa aja anabwera ali ana kuthawa nkhondo ku Mozambiki. Akazi awo anafika akulira. Bambo wina wamtali anafunsa kuti amayendetsa ndani, ndipo ine ndinaloza akazi anga. Iwo anali chigwadire, sanadzutse mutu, sanakane. Ndinaona makasu aja akutsika. Akanadziwa kuti ndine, ndi fungo limene ndinali nalo, sindikudziwa ngati ndikanaima pano lero.

Tinawanyamula a Zuze n'kuwagoneka kumbuyo, akazi awo ndi bambo wamtali uja n'kukwera nawo. Ndiye panabuka chinthu chimene sindinachiganizire. Kuchokera pamenepo kukafika ku chipatala cha pa boma, wina anayenera kuyendetsa, ndipo anthu onse anali kuyang'ana. Ndinatsegulira akazi anga chitseko cha dalaivala, ine n'kukakhala mbali inayo.

Galimoto inazima katatu tisanachoke. Ndinkawanong'oneza kuti pondani, sinthani, siyani pang'onopang'ono, ndipo tinkayenda ngati ngolo ya ng'ombe. Pokwera chitunda inazimanso n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, ndinachita kukoka handibuleki. Kumbuyo a Zuze anali atasiya kubuula. Akazi awo anamenya galasi ndi chikhato, akundidandaulira kuti bambo inu, ngati mumatha, yendetsani ndinu, munthu akutha magazi. Ndinatulutsa mutu pawindo n'kuwayankha kuti ine ndamwa, n'chifukwa chake akuyendetsa amayiwa.

Ulendo umene ine ndikanauyenda mu theka la ola tinauyenda pafupifupi maola awiri. Nthawi yonseyo ndinkadziwa kuti munthu akufa kumbuyo kwanga, ndinkadziwanso kuti ngakhale bambo wamtali uja kapena wina aliyense wodutsa akanatha kutithandiza ndikanangonena zoona. Ndinasankha kukhala phee. Pa moyo wanga wonse palibe pamene ndinatsika kuposa pa mpando umene uja.

Ku chipatala anamwino anatifunsa chimene tinachedwera chonchi. Anawaika madiripu a Zuze n'kuitana ambulansi yopita ku Chipata. Ife anatiuza kuti tipite ku polisi, ndipo wapolisi amene anali pachipatalapo anatiperekeza wapansi.

Amene anatilandira anali wapolisi wachikulire, wolankhula motsitsa mawu. Anatenga laisensi ya amake Tisunge ndi pepala la inshuwalansi, n'kuyamba kulemba sitetimenti. Anawafunsa dzina, ntchito, kumene timachokera. Anawafunsa kuti amayendetsa ndani. Iwo anati, "Ndine." Anawafunsa liwiro limene anali nalo, ndipo anangoti sanayang'ane. Ine ndinali pa benchi kumbuyo kwawo, ndikutafuna chingamu kuti fungo lisamveke. Mumtima ndinkawerengera kuti zatheka.

Atamaliza kulemba, wapolisiyo anaika cholembera pansi. Anati waimbiridwa foni kuchokera ku chipatala, ndipo munthuyo sali bwino. Akapanda kufika ku Chipata wamoyo, mlandu ukhala wopha munthu pa msewu. Choncho sangawatulutse mayiwa mpaka Lolemba, ndipo popeza ndi wogwira ntchito m'boma, akuluakulu a maphunziro ayenera kudziwitsidwa. Kenako anaitana wapolisi wachizimayi kuti awatenge.

Wachizimayiyo anabwera ndi kathumba ka pulasitiki. Anawauza kuti apereke foni, mphete, duku ndi nsapato. Ndinawaona akazi anga akumasula duku. Ndinawaona akulimbana ndi mphete, chifukwa chala chinali ndi magazi owuma a a Zuze. Kenako anawerama n'kuvula nsapato, n'kuziika bwinobwino pamodzi, n'kuima pa simenti yozizira ija opanda kanthu kuphazi. Chitseko cha chitokosi chinali chotsegula, fungo lake likufika mpaka pa benchi.

Asanalowe anapempha kuti alankhule nane. Ndinaganiza kuti anditukwana, ndipo ndikanakonda akanatero. Anandipatsa makiyi a nyumba, n'kulankhula ndi mawu awo aja a m'kalasi, osanjenjemera.

"Atate ake Tisunge, mwana mukamuuze kuti ndatsala ku Zemba. Mu sutikesi yobiriwira muli makope a ana anga a giredi 7, ndachonga kale. Lolemba m'mawa mukawapereke kwa ahedi, chifukwa mayeso ayandikira, anawo asavutike chifukwa cha ine. Mukawauzenso kuti afune mphunzitsi wina."

Afune mphunzitsi wina. Ntchito imene anaigwira zaka zonsezo, imene inandidyetsa ine chaka chathunthu ndili lova, anali kuisiya pa kauntala ya polisi ngati mmene anasiyira nsapato. Ndipo anali kuchita zimenezi osandifunsa ngakhale funso limodzi.

Ndikufuna ndikuuzeni zoona. Ngakhale pamenepo sindinadumphe. Ndinalandira makiyi aja. Mutu unkandiuza kuti khala chete, Lolemba si kutali, loya apezeka, mayi samangidwa nthawi yaitali. Wapolisi wachizimayi anawagwira paphewa, anayenda phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu. Ndinaimirira.

"Bwana, dikirani. Amayiwa sanagunde munthu. Ndimayendetsa ndine, ndipo ndamwa."

Wapolisi wachikulire uja anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga pepala la sitetimenti lija, n'kulemba mzere kuchokera pakona kufika pakona ina.

"Mayi, valani nsapato," anatero.

Anawachenjeza kuti kunamiza apolisi ndi mlandu, koma awalola apite. Iwo anavala nsapato, anamanga duku, n'kubwera pamene ndinaima. Sanandithokoze, sanalire. Anangotambasula dzanja, ndinawabwezera makiyi, n'kutuluka osacheuka.

Ndinalowa m'chitokosi ndine. Lolemba ndinamva kuti a Zuze ali moyo, koma mwendo unali utawonongeka kwambiri, ndipo madokotala ananena kuti kuchedwa kuja kunaonjezera vuto. Ku khoti ndinavomera zonse. Anandipatsa miyezi isanu ndi inayi, laisensi n'kundilandanso, ulendo uno kwa zaka zitatu. A inshuwalansi analemba kalata kuti salipira kalikonse chifukwa pa fomu panali bodza, ndipo sindingawadandaule, anali atandiuza kale. Amake Tisunge anagulitsa kapikapu kaja n'kupereka ndalama zonse kwa banja la a Zuze. Zimene anasunga zaka zambiri zinathera pamenepo. Ku ntchito anawaitana kukafotokoza, anawapatsa kalata ya chenjezo, koma mwa chisomo cha Mulungu sanawachotse. Ku ndende sanabwere kudzandiona ngakhale kamodzi.

Nditatuluka, ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi masiku awiri. Amake Tisunge anavomera kuti ndibwerere pakhomo, koma ananena pamaso pa onse kuti akundilandira chifukwa cha mwana, zokhulupirirana tidzaona m'tsogolo. Sindinatsutse.

Kubwerera kwanga kunayamba ndi miyendo. Munthu amene ndinkathamanga ndi minibasi ndinayamba kuyenda wapansi. Ndinapita ku kachipatala ka kwathu n'kukamuuza dokotala wa pamenepo mosabisa kuti mowa unandigonjetsa. Poyamba ndinkaganiza kuti ndende yandichiritsa, koma sabata yoyamba yomwe nditadutsa pa malo ogulitsira kachasu, malovu anadzaza mkamwa. Dokotalayo anandiuza kuti ndizibwera Lachitatu lililonse tizicheza, ndipo ndinkapita. Mkulu wa mpingo wina, amenenso anali chidakwa kale, anandiuza kuti ludzu likandigwira ndizipita kwawo nthawi ina iliyonse. Ndapitako kambirimbiri, nthawi zina osalankhula kanthu, kungokhala pakhonde kusenda nawo mtedza mpaka ludzulo litapita. Ndinasiya kufika pa sitesheni paja kwa zaka ziwiri. Ena mwa inu munkati ndayamba kunyada. Sikunali kunyada, kunali kuthawa.

Chovuta kwambiri chinali kupita kwa a Zuze. Ndinakawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, ndodo ziwiri zili pambali. Ndinagwada n'kuwauza zonse, mpaka za ulendo wa maola awiri uja. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati iwo nkhondo anaithawa ndi miyendo iwiri ali mwana, mwendo n'kudzautaya kuno kwa mtendere, masana dzuwa likuswa mtengo. Sananene kuti andikhululukira. Ndinawapempha kuti andilole ndiziwalimira. Anayankha akazi awo kuti munda uli uko, khasu ndibwere nalo langa. Kuyambira chaka chimenecho, mvula ikagwa ndimayamba munda wawo, wanga pambuyo.

Zaka zitatu zitatha ndinakayesedwanso ngati wophunzira, n'kulandira laisensi. Gulu la alimi a kwathu linali litagula kalole konyamulira mbewu, ndipo linkafuna dalaivala. Atandifunsa, ndinawauza kuti asanandilembe tipite limodzi ku Chipata ndi wapampando wawo, a inshuwalansi akamve okha kuti woyendetsa ndi munthu wotani.

Pa fomu paja ndinalemba zonse. Ngozi zitatu. Laisensi kulandidwa kawiri. Ndende. Malo olembapo anachepa, ndinapitiriza kuseri kwa pepala. Ofesi yoyamba inakana, yachiwiri inakana. Wapampando anayamba kuyang'ana wotchi, ndipo ndinadziwa kuti akuganiza zofuna munthu wina. Pa ofesi yachitatu mayi amene anatilandira anawerenga mbali zonse ziwiri, n'kupita nalo pepalalo kwa abwana ake. Tinadikira ola lathunthu. Atabwerera anati avomera, koma mtengo ukhala wokwera kuposa wa dalaivala wina aliyense, pakachitika ngozi gawo loyamba tidzalipira tokha, ndibweretse kalata ya ku chipatala, ndipo ndisamayendetse dzuwa likalowa. Ndinamuuza wapampando kuti zoonjezerazo azidula pa malipiro anga. Amaduladi, ndipo zimapweteka mwezi uliwonse. Chaka chatha anatsitsako pang'ono chifukwa sindinagundepo ngakhale nkhuku.

Tsono inu amene anakukanani, kapena anakutchulirani mtengo wokwera, musathamangire nzeru za pa sitesheni. Mtengowo ndi wa zimene munachita, ulipireni. Akakana pa khomo loyamba gogodani lachiwiri ndi lachitatu, koma mulembe dzina lanu ndi mbiri yanu. Ngati simungakwanitse, imikani galimoto mukalime. Ndipo ngati pali wina muno amene analemba dzina la akazi ake, la mchemwali wake, kapena la amayi ake, apite lero akawauze chimene anasayina. Pepala limenelo limagwira ntchito pa lodibuloko pokha. Tsiku la magazi limasanduka chingwe, ndipo chimamanga munthu amene amakukondani.

Amake Tisunge tili limodzi mpaka lero. Chilichonse chimene ndawabweretsera kuti asayine amachiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, ine nditaima pomwepo. Sindikwiya. Ndinawaphunzitsa ndine.

Mwezi wathawu ndinapita ndi kalole kaja kukanyamula mtedza m'mudzi wa a Zuze. Matumba awo anali asanu ndi limodzi, ndinakweza ndekha. Iwo anafunika kufika pa boma kuti akaone sikelo ndi maso awo, ndiye ndinawatsegulira chitseko cha kutsogolo, n'kuwauza kuti malo alipo. Anayang'ana mpando, anayang'ana ine, n'kupukusa mutu.

"Mtedzawo ukwere, a Gideoni. Ine ndibwera pa ngolo."

Ndinatseka chitseko. Ndinakafika pa boma n'kutsitsa matumba awo, ndipo sindinalole kuti aikidwe pa sikelo eni ake asanafike. Ndinakhala pamwamba pa matumbawo maola atatu, kudikira ngolo ya ng'ombe.

Zanga n'zomwezi, abale anga. Mulungu akusungeni pa msewu.